Zimene Ndinamva M'madzi a Sitima Yanga

1

Nyanja yamchere sindinaionepo chibadwire, koma sitima yankhondo imene lero anthu akunja akuphulitsana nayo pa makompyuta awo, mawu ake onse ndinaipatsa ndine. Musaseke. Apongozi anga anaseka kale mokwanira tonsefe.

Ndine Malcolm. Kwathu ndi ku Chiradzulu, koma ndimakhala chikamwini kuno kwa Malemia, m'chigwa cha Domasi, kwawo kwa mkazi wanga Bernadette, amene timangomutcha Bena. Ntchito yanga ndi yovuta kuifotokozera munthu wogwira khasu. Pali kagulu ka anthu akunja kamene kamapanga gemu ya pa kompyuta ya nkhondo za panyanja, ndipo ine ndimawapangira phokoso: kulira kwa injini, kuphulika kwa mizinga, mkokomo wa madzi. Sitinaonanepo maso ndi maso. Timangolemberana pa intaneti, iwo ali kwawo kozizirako, ine ndili m'kachipinda kanga, mahedifoni ali m'makutu.

Gemuyo inali ya sitima zamakedzana, zamifuti ikuluikulu. Chaka chimenecho anaganiza zoonjezeramo sitima yamakono, imene amaitcha distroya, yonyamula mizinga youluka yomwe imalondola yokha mdani ngakhale ali kutali kosafika maso. Mkulu wa gulu lathu anandilembera kuti, "Malcolm, sitima iyi ikhale ndi mawu amene munthu sanawamvepo m'gemu ina iliyonse." Ndinavomera mtima uli dyokodyoko.

Koma pamudzi nkhani inali ina. Zaka zinali zitapitapo chikwatirane ndi Bena, m'nyumba muli zii, wopanda mwana. Tsiku lina masana ankolo ake, a Maliro, amene ndiwo mwini mbumba, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Bambo, ine kuzungulira sindidziwa," anatero uku akusenda nzimbe. "Mkamwini timamuonera pa ziwiri, munda ndi mwana. Kumunda wa mpunga sitikuonani. Mbali inayo ndiye kaya. Tikadzakolola chaka chamawa zinthu zili chomwechi, tidzaitana ankhoswe anu adzakutengeni mwaulemu."

"Koma ankolo, ine ntchito ndimagwira."

"Yomvetsera zingwe ija?"

Anaseka, nkulumanso nzimbe. Bena ndinkamukonda, abale inu, ndinkamukonda zenizeni, ndipo kuchotsedwa pamudzipo kunali kusiyana naye.

2

Panali chinthu chimene ine ndi Bena tinkachisunga awiri. Chaka chapitacho tinali titapita kuchipatala ku Zomba, osauza munthu. Adokotala atatiyeza tonse anatikhazika pansi nkunena mosabisa kuti vuto lili mbali yanga. Anati mwayi ulipo, koma ndi wochepa kwambiri.

Pobwerera tinakwera minibasi mpaka pa Songani. Titatsika Bena anandigwira dzanja, anthu akuona, chinthu chimene kuno sachita.

"A Malcolm, musadzidye mtima. Izi ndi zathu, ine ndi inu. Mulungu amadziwa."

Ndinamukhulupirira, ndipo ndinabisala mu ntchito. Kulira kwa injini ya sitima ndinakujambula pa chigayo cha pa Songani, nditapempha mwini wake kuti achiyendetse chopanda chimanga. Kutseguka kwa zivundikiro za mizinga ndinatenga pa chitseko chachitsulo cha shopu ya mnzanga Sefu, wokonza mafoni. Iyeyo ndiye yekha pa dera lonse amene ankandifunsa kuti sitima yafika pati.

"Amwene, ndiye kuti azungu azimva chitseko changa chadzimbirichi?" ankafunsa akufa ndi phwete. "Muwauze kuti mwini wake akufuna mkazi wakonko."

Ndikachoka pa shopupo, kuseka kunkathera pomwepo. Kumudzi amuna anzanga ankakamba za madzi a kumunda, mbalame zodya mpunga ndi mitengo ya feteleza. Ine ndikafika, nkhani inkazilala. Ana ankanditcha "a zingwe m'makutu". Ndi apongozi anga ndiye tinkapewana monga mwa mwambo: akandiona panjira ankapatukira m'chimanga, moni tinkapatsana chapatali, iwo atagwada, nkhope itayang'ana kumbali. Zaka zonsezo mawu awo sindinawamvepo pafupi.

M'mwezi wa Okutobala ankhoswe anga, amalume a Julius, anandiimbira foni kuchokera ku Chiradzulu. Anati ndipite ndikawathandize kufolera nyumba mvula isanayambe. Ndinadabwa, chifukwa iwo ali ndi ana aamuna amphamvu zawo, pamene ine hamala ndimaigwira ngati supuni. Komabe ankhoswe sakanidwa. Ndinapita, ndipo anandichedwetsa kumeneko masabata ndithu, lero misomali yatha, mawa mmisiri wadwala.

3

Mvula itakhazikika, Bena anayamba kudana ndi fungo la usipa. Tsiku lina m'mawa analowa m'kachipinda kanga, nkundivula yekha mahedifoni.

"Ndapita kusikelo," anatero, maso ali pansi. "Akuti ndine woyembekezera."

Ha! Ndinadumpha mpaka mpando unagwa. Ndinamunyamula, ndinaseka, ndinalira, ndinagwada pasimenti nkuthokoza Mulungu mokweza mpaka nkhuku zinabalalika pakhomo. Mwayi wochepa uja unali utandigwera ine! Bena analira nane. Analira nthawi yaitali kuposa ine, koma ndinati ndi mmene amakhalira amayi apakati.

Pamudzi zinthu zinatembenuka msangamsanga. Apongozi anatumiza mbale ya mpunga ndi nkhuku yathunthu. A Maliro anayamba kuimika njinga akakumana nane.

"Bambo, mwadzuka bwanji? Sitima ija ikuyenda?"

A Maliro enieniwo, kufunsa za sitima! Ndinkayenda chifuwa chili patsogolo. Ndinaimbira amalume a Julius kuwauza uthenga, iwo anangoti, "Tathokoza, tathokoza, usunge banja mwana wanga," nkudula foni mwachangu.

Sitima nayo inali pafupi kutha. Anzanga a m'gulu lija anali atamaliza kuijambula: yotuwa, yosongoka, yopanda mifuti yambiri, mizinga yake yobisika pansi pa zivundikiro. Chotsala chinali chimodzi. Mkulu wathu anakana madzi amene ndinatumiza.

"Awa ndi madzi ogula, ali m'gemu iliyonse," analemba. "Ndikufuna madzi amoyo, ong'ambika pamene sitima ikudutsa. Kwanuko kulibe mtsinje?"

Mtsinje unalipo, ndipo unali wodzaza.

4

Ntchito yathuyi ili ndi lamulo lake. Ukafuna kujambula phokoso la chilengedwe, suima pafupi ndi rekoda, chifukwa imatola chilichonse, kupuma kwako ngakhale kulira kwa m'mimba mwako. Umaitchera ngati msampha, nkuchokapo.

M'mawa wina ndinatsikira ku mtsinje wa Domasi, pamalo pamene madzi amagunda miyala nkuchita thovu. Rekoda ndinaiveka sokosi kuti mphepo isasokoneze, nkuimangirira pa nthambi yolendewera m'kati mwa bango. Panalibe munthu. Ndinakwera njinga kupita pa Songani, ndinacheza ndi Sefu, dzuwa litafika pamutu ndinabwerera kukaimasula.

Masana ndinakhala pansi kuyamba kusefa. Kusefako ndi kuchotsa zonse zosafunika kuti patsale madzi okhaokha. Ndinachotsa mbalame. Ndinachotsa belu la njinga ya munthu wodutsa kutsidya. Kenako ndinamva zovala zikumenyedwa pamwala, pha, pha, pha. Ndinadandaula kuti amayi ochapa andionongera ntchito, ndipo ndinakweza mawu kuti ndione poyambira kudula.

"Nanga wasiyiranji kudya?"

Anali apongozi anga, mawu awo ali m'khutu mwanga mwenimweni, pafupi kuposa mmene ndinawamverapo. Ulemu unkandiuza kuti ndivule mahedifoni. Sindinavule.

"Amayi, ndikawaona akusangalala, mtima umandipweteka," anayankha Bena. "Dzulo amayimbira mimba nyimbo."

"Ndiye ukanakonda apite? Ankolo ako nkhani anali atamaliza kale. Iwe wekha unandiuza za kuchipatala zija, unkafuna ife titani? Tikhale tikuyang'ana?"

"Ndinakuuzani kuti mundithandize kupemphera."

"Takuthandiza kumene. Fisi analowa, ntchito yake anagwira, anapita. Si iwe woyamba pamudzi pano, ndipo sudzakhala womaliza. Ngakhale ankhoswe akwawo anavomera, si iwo anamuitanira ku Chiradzulu? Pukuta misoziyo, anthu angakuone."

Pha, pha, pha. Zovala pamwala.

"Nanga mwana akadzafanana naye?"

"Adzatsegule pakamwa ndani? Aliyense pano ali ndi zake."

"Koma amayi, ndimakumana nawo panjira. Dzana lomweli andipatsa moni pa mjigo, a..."

Pamenepo madzi anagunda mwala mwamphamvu, nkumiza dzinalo.

Ndinavula mahedifoni. Kunja kunkamveka mtondo, wina akusinja. Fisi, kwa inu amene munakulira m'tauni, ndi mwamuna amene akuluakulu amamulowetsa m'nyumba mwachinsinsi kuti apereke mimba pamene mwini nyumba walephera. Ine ndinkati zimenezi zinatha kalekale, zinatsala m'nkhani za pa wailesi. Ndinaiwala kuti ndine mkamwini.

Chimene chinandipweteka koposa sichinali fisiyo ayi. Chinali nkhuku ija, moni wa a Maliro, ndi denga la amalume anga limene ndinafolera ndi manja anga. Mudzi wonse unali utakhala pansi kukambirana za thupi langa, mbali zonse ziwiri, ine ndekha osaitanidwa.

5

Tsopano mvetsani bwino apa. Dzina limene madzi anamiza silinatayike. Kulekanitsa mawu a munthu ndi phokoso la madzi ndiyo ntchito imene ndimadyera. Kukanangotengera kukanikiza mabatani angapo, dzinalo nkutuluka poyera.

Ndinaika chala pa batani, ndinachichotsa. Ndinatuluka panja kukapuma mphepo. Ndikuyenda ndinakumana ndi a Frank, mkulu wa kwaya, anandipatsa moni ndi manja awiri. Mtima unati, ndi amenewa. Patsogolo pang'ono mnyamata wa kabaza anandikwezera dzanja akumwetulira. Mtima unati, kapena uyu. Foni inalira, anali Sefu, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinayankhe. Sefu, munthu amene sanandilakwirepo kanthu!

Nditabwerera ndinapeza Bena pakhonde akusankha miyala mu mpunga. Ndinamuitanira m'kachipinda. Ndinangomuveka mahedifoni nkuyatsa.

Ndinaiyang'ana nkhope yake. Poyamba anamwetulira, akuganiza kuti ndikumumvetsa sitima. Kenako lichero limene analowa nalo linapendekeka, mpunga nkumwazika pansi. Anamvetsera mpaka kumapeto, anavula yekha mahedifoni, nkukhala pasimenti.

"Zoona?" ndinafunsa, ngati kuti panali chofunsa.

"Zoona."

"Unati ndi zathu, ine ndi iwe. Pa Songani paja, utandigwira dzanja."

"Ndinatero." Sanabise nkhope. "Ndinalephera kusenza ndekha, ndinauza amayi. Amayi anauza ankolo. Atabwera ndi nkhaniyo ndinakana, ndinalira, ndinanena kuti ndithawa. Ankolo anati ndisankhe, fisi kapena inu mupite akandipezere mwamuna wina. A Malcolm, ine mwamuna wina sindinkamufuna."

"Ndiye unamulandira kuti usamufune?"

Mawuwo anamubaya, ndinaona. Ndinafuna kuti amubaye.

"Nenani zonse, ndi zoyenera," anatero. "Mukafuna kupita, sindikugwirani. Mwanayu ndidzalera, ndi wa mbumba yathu. Koma mudziwe kuti tsiku lija munagwada pansi apa kuthokoza Mulungu, ine ndinalakalaka nthaka itandimeza."

Nkhuku inalowa nkuyamba kutola mpunga, palibe anaiingitsa.

"Dzina mwalimva?" anafunsa.

"Madzi anaphimba. Koma ndikhoza kulitulutsa."

"Musavutike ndi makina. Ndikuuzani ndekha pompano. Ndi..."

"Usanditchulire!"

Ndinakuwa mpaka ndinadzidzimuka nazo ndekha. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa chimene ndinkaopa. Ndikanalimva dzinalo, munthuyo akanakhala ndi nkhope. Ndikanaifunafuna nkhopeyo pa mwana tsiku lililonse, ndipo ndikanaipeza. Sindikanatha kukhala mudzi umodzi ndi iye, kupemphera naye tchalitchi chimodzi, kunyamula naye maliro. Zikanatha ndi chikwanje kapena ndi chikwama changa pa minibasi ya ku Chiradzulu. Njira zonse ziwiri Bena ndikanamutaya.

Ndinatembenukira ku kompyuta iye akuona. Ndinadula mawu a apongozi, ndinadula mawu ake, ndinafufuta ndi chojambula choyambirira chomwe. Panatsala madzi okhaokha, oyera bwino. Ndinawatumiza tsiku lomwelo.

Mkulu wathu anayankha mwachangu. "Malcolm, awa ndiye madzi! Wawatenga kuti? Akumveka ngati ali ndi mkwiyo."

6

Distroya inalowa m'gemu mpunga ukucha. Osewera anagawanika. Ena anaikonda, ena anakwiya nayo koopsa, amati si chilungamo kuti munthu umizidwe ndi mdani amene sunamuone nkomwe. Ndinkawerenga madandaulo awowo ndili ndekha m'kachipinda, ndipo sindinawatsutse.

M'nyumba ine ndi Bena tinkayankhulana za mchere ndi sopo basi. Apongozi ndi a Maliro sanadziwe kuti ndinamva, Bena sanawauze, inenso ayi. Kwa Sefu ndinkapitabe, koma ndinkangotumiza ntchito nkubwerako. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Amwene, ndakulakwirani chiyani?" Ndinati palibe, ndi kutopa chabe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ine ndinayamba kuyeza kayang'anidwe kakeko. Ndi mmene ndinatayira mnzanga mmodzi yekhayo amene ndinali naye.

Mwana anabadwa mu Julaye, kukuzizira, wamkazi. Tinamutcha Irene. Mchombo utagwa anamutulutsa m'chikuta, ndipo anthu anadzaza pakhomo kudzamuona. Amalume a Julius nawo anabwera kuchokera ku Chiradzulu atanyamula nsalu ndi beseni.

Inu mukudziwa mmene zimakhalira pa mwana wakhanda. Aliyense womunyamula amayamba ndi kufanizira: maso awa ndi a agogo ake, chipumi ichi ndi cha bambo ake, makutuwa ndi a kuchimuna. Amayi amakangana mpaka kusekana. Koma tsiku limenelo mwana anayenda m'manja mwa anthu onse, ndipo aliyense ankangoti, "Wonenepa bwino," "Tsitsi lambiri," nkupatsira mnzake msanga. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ananena kuti wafanana ndi ndani. A Maliro ankayang'ana nsapato zawo. Apongozi anali chapatali kuseri kwa amayi ena, chitenje atachikokera kukamwa.

Potsiriza mwana anafika kwa ine. Anali wopepuka, wofunda, kankhope katakwinyika ndi dzuwa. Ndinamuyang'ana, ndipo sindinaonepo munthu wina aliyense pankhopepo, koma iye mwini. Anayasamula, nkugwira chala changa.

Ndinakweza mutu. Maso onse anali pa ine, ndipo a Bena anali odzaza mantha.

"Koma anthu inu simukuona?" ndinatero mokweza. "Mphuno iyi ndi yanga iyi. Mwana wandibera mphuno!"

Mayi wina anayamba kululutira, enanso nkulandira. "Eeedi, mphuno ya bambo ake yeniyeni!" Anaseka onse pamodzi, kuseka kwa anthu amene atula katundu wolemera. Amalume a Julius anandisisita paphewa osandiyang'ana. Bena yekha sanaseke. Anadzuka nkulowa m'nyumba, ndipo ndinamva akulira kuchipinda.

7

Owerenga anzanga, ena mwa inu muti ndine wopusa, mwamuna wopanda mafupa. Ena muti ndine woyera mtima. Nonse mwaphonya. Mkwiyo ndikadali nawo, ndipo mwambo umene umakonza banja la munthu mwini wake atatumizidwa kukafolera denga sindidzaukhululukira. Inu akuluakulu a mbumba, mukanandifunsa. Mwina ndikanakana, mwina ndikanachoka, koma ndikanakhala munthu pa nkhani ya moyo wanga.

Pamudzi pano tsopano amandilemekeza. Za kundichotsa zinatha, amanditcha bambo a Irene, pa misonkhano amandipatsa mpando. Koma sindinakhalepo ndekha chonchi chibadwire, chifukwa mwamuna aliyense wondipatsa moni mwansangala ndimamuyang'ana kawiri.

Ine ndi Bena tikuphunziranso kuyankhulana, pang'onopang'ono, ngati munthu wochira amene akuyamba ndi phala. Anandiuza kuti tsiku lililonse limene ndidzafune, adzanditchulira, ndipo ndikudziwa kuti sanama. Irene wayamba kuyenda. M'mawa amagogoda chitseko cha kachipinda kanga ndi kachikhatho kake, akuitana kuti adada. Ndimavula mahedifoni, ndimatsegula, ndimamunyamula. Mayi ake amakhala ali pakhonde akutiyang'ana, akudikira ngati lero ndifunsa. Lero sindinafunse.